Funsani Anti: Mphete ndi ndolo zangokhala m'kabati, ndizigulitse bwanji?

Makalata ambiri a mwezi uno akukamba nkhani imodzi, anthu akufuna kuti matcheni, ndolo ndi mphete zimene zangokhala m'timabokosi zisanduke ndalama ya fizi, ya lendi kapena mpamba wa geni. Ndasankhapo asanu, onse ndi a muno mu Mzuzu, mayina ndachotsa monga mwa nthawi zonse.

Anti, ine ndi mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Chibavi. Bambo akunyumba anakhala ku Joni zaka zambiri ndithu, nthawi imene zinthu zinkayenda ankandibweretsera timphatso, ndiye ndili ndi matcheni awiri, mphete zitatu ndi ndolo zingapo, zina sindinavalepo olo kamodzi. Pano anabwerako ntchito kulibe, mwana wapeza malo kusukulu ya mishoni yogonera konko koma fizi, matiresi ndi yunifomu zatikanika. Mnyamata wina wa m'tauni anaziona nkunena kuti atenga zonse pamodzi pa K60,000, akuti zambiri ndi zafeki akungondithandiza. Mtima wanga ukukana koma masiku atha. Ndipange bwanji? Mayi wa ku Chibavi

Mayi, mverani mtima wanuwo, musamupatse kaye mnyamatayo. Munthu amene akunyoza katundu wanu kuti ndi wafeki koma iye yemweyo akufuna atenge zonse lero lomwe, pali chimene waonapo. Sindikunena kuti zonse muli nazozo ndi golide ayi, mwina golide weniweni ndi ziwiri zokha, koma ziwirizo zikhoza kuposa K60,000 yo kangapo konse, ndiye akamalimbikira zoti "zonse pamodzi" akufuna kuti zabwinozo zibisale pakati pa zotchipa inu musadziwe kuti ndalama ili pati.

Yambani ndi ichi, sichifuna ndalama. Yalani nsalu yoyera patebulo masana kukuwala, chinthu chilichonse muchiike pachokha, kenako mutenge foni mujambule pafupi kwambiri mkati mwa mphete, pa kaloko kotsekera tcheni ndi pa kawaya ka ndolo kolowa m'khutu kaja, mukatero muchikulitse chithunzicho ndi zala. Mukusaka timanambala ting'onoting'ono todindidwa pachitsulopo, nthawi zina timabisika ndi litsiro la sopo ndi mafuta odzola ndiye mupukute kaye. Golide wosasakaniza ndi wofewa kwambiri, mphete yake ikhoza kupindika mukungofinya zovala, nchifukwa chake osula amamusakaniza ndi mkuwa, siliva ndi zitsulo zina, ndipo nambala ija ndi imene imanena kuti golide alimo wochuluka bwanji pa magawo 1,000. Mukaona 375 kapena 9ct (makarati 9) ndiye kuti golide sakufika ndi theka lomwe, ndipo zanu zambiri ndikuganiza zikhala zimenezi chifukwa m'mashopu a ku South Africa 9ct ndi amene ali ponseponse. 585 ndi 14ct, 750 ndi 18ct, 916 ndi 22ct, wachikasu chakuya uja amene amabwera kwambiri ndi anthu ochokera ku Dubai ndi ku India. 925 ndi siliva, olo chinthucho chikuoneka chachikasu ndiye kuti angochipaka golide pamwamba. Mukaona zilembo ngati GP, GEP kapena GF dziwani kuti mkati ndi chitsulo wamba golide ali pakhungu pokha, wogula golide sangachiwerengere kanthu kwenikweni.

Koma nambala yokha musaikhulupirire kotheratu, opanga zafeki nawo amadinda 750 pa mkuwa. Pezani maginito, a pa sipika ya wailesi yakufa aja amagwira bwino, muwayandikizitse pa chinthu chilichonse. Golide ndi siliva sizikokedwa, chimene chamata chiikeni kumbali. Kaloko kokha ka tcheni kakhoza kukokedwa pang'ono chifukwa mkati mumakhala kasipuling'i kachitsulo, zimenezo zisakudetseni nkhawa. Komanso kusamata sikutanthauza kuti basi mwapeza golide, mkuwa nawo sumata. Ndiye onaninso malo amene amakhulana kwambiri, kunsi kwa mphete ndi pamene tcheni chimagona pakhosi, ngati mtundu wachoka nkumaoneka kufiira kapena kutuwa pansi pake, kapena ngati chinakusiyiranipo mzere wobiriwira pakhungu, chimenecho nchopaka. Zoti muzilume ndi mano kapena muziviike mu Jik zisiyeni, Jik amadya zitsulo zosakaniza zija mphete nkufooka.

Tsopano nkhani yaikulu ndi kulemera, chifukwa golide sagulidwa poona kukongola, amagulidwa pa sikelo. Sikelo ya kukhitchini kapena ya nyemba kumsika siingathandize, pamafunika kasikelo kakang'ono kosonyeza manambala mpaka 0.1 ya giramu, ngati timene timapezeka m'malabu a sayansi m'sukulu za sekondale. Pemphani mphunzitsi amene mumadziwana naye akuyezereni chimodzichimodzi, mulembe papepala musanakumane ndi wogula aliyense. Tonse tikudziwa mmene venda wa chimanga amabwerera ndi ndowa yake yofutukuka m'mbali ija, mlimi amene sanayeze kunyumba amangovomera zimene wauzidwa, pa golide zimachitikanso chimodzimodzi.

Masamu ake si ovuta. Mphete ya magiramu 4 yodindidwa 375, chulukitsani 4 ndi 0.375, golide weniweni alimo ndi magiramu 1.5. Tcheni cha magiramu 10 cha 750 chili ndi magiramu 7.5. Mtengo wa golide padziko lonse umatuluka tsiku ndi tsiku m'madola pa aunsi, ndipo aunsi ya golide ndi magiramu 31.1, mwana aliyense wa foni ya intaneti akhoza kukuonerani mtengo wa tsikulo. Mu 2020 aunsi inadutsa madola 2,000 koyamba, mu Malichi 2025 inadutsa 3,000, pofika Okutobala chaka chomwecho inali itadutsa 4,000. Olo titangotenga 3,000 yo, giramu imodzi ikukhala madola 96 ndi kenakake, ndiye kamphete ka magiramu 4 kaja kali ndi golide wa madola pafupifupi 145. Kamodzi kokha! Sinthani nokha m'makwacha muone ngati K60,000 ya zinthu zonse ili ndi chilungamo. Musaiwalenso kuti kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiye mtengo umene muli nawo m'mutu wa nthawi imene bambo ankagula ndi wakale, golide wakwera kwacha yagwa, zonse ziwiri zili kumbali yanu.

Ndisakunamizeni tsono, palibe wogula amene adzakupatseni mtengo wonsewo. Iye akukasungunula, akufuna phindu lake, timiyala tonse achotsa pa kulemera ndipo tambiri timakhala galasi chabe, komanso ntchito ya msuli imene bambo analipira mushopu sabweza. Koma mukadziwa kuti mwagwira golide wa madola 145 mumanenerera mukudziwa poimira, akatchula zochepa kwambiri mumanyamuka. Ndipo mphete yabwino yosakandika nthawi zambiri imapeza ndalama yochulukirapo kwa munthu woti azivala kusiyana ndi wosungunula, ndiye yambani mwanong'oneza amayi a kumpingo ndi akomiti za maukwati, achinyamata okonzekera ukwati akuvutika ndi mitengo ya mphete zatsopano.

Muno osula ndi ogula golide si ochuluka ngati ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndiye ngati mwapeza kuti matcheni aja ndi enieni, ulendo wa basi ukhoza kudzilipira wokha, koma tumizani kaye zithunzi ndi kulemera kwake mumve mitengo kwa anthu angapo. Musapatsire munthu wapabasi kuti akakuperekereni. Pitani ndi bambo kapena m'bale. Wogula woona amayeza inu mukuona, amakanda pang'ono chinthucho pa kamwala kakuda nkudonthezapo asidi, mzere ukazimiririka ndiye kuti si golide wa nambala imeneyo, ukatsala ndi weniweni. Akanena kuti "dikirani ndikayezere kuseriku", muuzeni abweretse zida zake pomwepo, chinthu chanu chisachoke pamaso panu mpaka ndalama mwawerenga. Ena andifunsa za Reserve Bank of Malawi imene inayamba kugula golide mu 2021 kudzera ku Export Development Fund, msika umenewo anaukonzera anthu okumba golide m'migodi ing'onoing'ono ndi m'mitsinje, si woti muuthamangire ndi fizi ya sabata ino.

Za kusukulu, pitani ndi bambo mukaonane ndi ahedi maso ndi maso, mupereke kamene muli nako mupemphe kumaliza pang'onopang'ono, ambiri amamva makolo akabwera okha mwana asanathamangitsidwe. Mukapeza masabata awiri atatu opumira, mugulitsa chinthu chimodzi pa mtengo wake zinazo nkusungira teremu ya mawa.

Anti, ndine mtsikana wa ku Mzuni ndimachita lendi ku Luwinga. Ndili ndi chibokosi cha ndolo, zibangili, manekilesi ndi mawotchi awiri, zambiri ndinagula kumsika wa Taifa zina ndi mphatso za anzanga. Palibe cha golide ndikudziwa kale. Ndingapezepo kanthu kodyera? Vuto ndimachita manyazi, anzanga aziti ndashota. Wophunzira, Luwinga

Mwanawe, mbewa ya manyazi inafera kuuna. Anzako amene ukuwaopawo nawonso ashota, ndipo ndi omwewo akhale makasitomala ako oyamba.

Katundu wakoyu msika wake ndi wina, apa sikelo ilibe ntchito, chogulitsa ndi maonekedwe. Kumbukira kuti wogula wako akhoza kukwera kabaza nkukagula chatsopano ku Taifa komweko, kumene katundu wa kumsika wa Kariakoo ku Tanzania amafika kudzera pa boda ya Songwe, ndiye ukatchula mtengo wofanana ndi wa chatsopano palibe angagule. Tsika ndithu, kapena phatikiza, ndolo ndi nekilesi zogwirizana mtengo umodzi, tindolo titatu ting'onoting'ono pamodzi, munthu aziona kuti watola.

Tsuka kaye. Madzi ofunda, kadontho ka sopo wotsukira mbale, mswachi wakale wofewa, osakhula mwamphamvu chifukwa utoto wagolide uja ndi wopyapyala umachoka, kenako uumitse kwambiri ndi kansalu. Chinyezi cha kuno kwathu ndi chifunga cha m'mawachi zimathimbiriritsa zinthu zimenezi msanga, ukaziika m'bokosi zili zonyowa pakutha sabata zada. Timawaya ta ndolo upukute ndi sipiliti, zinalowa m'khutu mwako zikukalowa mwa wina. Ngati m'bokosimo muli cha 925 chimene chada, yala kapepala ka foyilo m'mbale, uikepo chinthucho, uthire madzi otentha ndi supuni ya soda wophikira therere uja, pakangopita mphindi zochepa kuda kuja kumachoka. Chimenecho usachiphatikize ndi zinazo, siliva ali ndi mtengo wake.

Zithunzi ndi zimene zimagulitsa. Jambula pawindo m'mawa osayatsa fulashi, pansalu yakuda yopanda maluwa, ndipo ndolo imodzi uijambule ili pakhutu kuti anthu aone kukula kwake. Mtengo ulembe pachithunzi pomwepo ukamaika pa sitetasi ya WhatsApp, zoti anthu azikufunsa kumbali zimathawitsa ambiri. Nthawi yabwino ndi kumapeto kwa mwezi komanso anzako akangolandira ndalama zawo, ndipo miyezi ya maukwati ndi zinkhoswe ikafika manekilesi akuluakulu onyezimira aja usathamangire kugulitsa, aperekezi amafuna zovala tsiku limodzi lokha, ukhoza kumabwereketsa pa kamtengo kochepa atasiya ndalama ya chikole, chinthu chimodzi nkumakudyetsa kangapo.

Uzinena zoona. Chopaka uzinena kuti nchopaka, ngati ndolo ina inakutupitsapo makutu umuuze wogula, pakampasi mbiri imayenda msanga ndipo ukanamiza mmodzi hosteli yonse idziwa. Ngongole usapereke, "ndikupatsa akatumiza kunyumba" yathetsa mageni ambiri a ana asukulu komanso maubwenzi omwe. Ndipo munthu wosamudziwa akati watumiza pa Airtel Money kapena Mpamba, usakhulupirire meseji yokha kapena chithunzi chimene wakutumizira, alipo amene amalemba meseji yofanana ndendende ndi ya kampani, ona balansi yako wekha usanapereke katundu. Wachilendo ukumane naye masana pamalo pa anthu, osati kuchipinda kwako.

Anti, mayi athu anatisiya chaka chatha. Ine ndine woyamba kubadwa ndiye kabokosi kawo kali ndi ine, muli mphete ziwiri, wotchi, mikanda yakale ndi chibangili choyera cholemera chimene ankati ndi cha mnyanga, chinali cha agogo awo. Ndikufuna ndigulitse kuti timange chiliza. Azichemwali anga awiri, wina ali ku Karonga wina ku Lilongwe, sindinawauze chifukwa amavuta. Ndikulakwa? Bambo wa ku Zolozolo

Pepani ndi zovutazo achimwene. Cholinga chanu nchabwino koma njira mwasankhayi ikupwetekani. Kabokosiko mukungosunga, si kanu nokha. Lamulo la chuma cha masiye la 2011, Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act, limaika patsogolo mwamuna kapena mkazi wotsala ndi ana a womwalirayo, silinena kuti woyamba kubadwa kapena mwana wamwamuna ndi amene aziganizira onse, ndipo kutenga katundu wa masiye mopanda ufulu ndi mlandu. Koma olo tisiye za malamulo, tsiku lotsegulira chiliza achemwali anu adzafunsa za mphete ya mayi awo, mudzayankha chiyani pamaso pa anthu? Amene mukuti amavutawo adzavuta kwambiri akadzamva kwa ena kuti inagulitsidwa kalekale.

Jambulani chilichonse chili m'bokosimo mutumize pa gulu la WhatsApp la banja, ngati bambo anu alipo muyambe ndi iwo, munene kuti chiliza chikufuna ndalama zakuti, nanga tipange bwanji. Mwina wina anena kuti mphete ndisunga ine ndipereka ndalama yake ku chiliza, zikatero ndalama yapezeka mphete yatsala m'banja. Mukagwirizana zogulitsa, tsatirani zimene ndawauza mayi a ku Chibavi aja, ndipo mtengo ndi ndalama yolandira zilembedwe pagulu pomwepo aliyense aone. Mikanda yakale kumsika siingakupatseni ndalama yogulira olo matumba angapo a simenti, apatseni ana aakazi ndi zidzukulu, kwa iwo ndi yamtengo.

Koma chimene chandidetsa nkhawa kwambiri m'kalata mwanu ndi chibangilicho. Ngati ndi cha mnyanga wa njovu chonde musachijambule nkuika pa Facebook, musachinyamule kukaonetsa ogula, musachipatse munthu kuti akakugulitsireni. Lamulo la zinyama zakutchire, National Parks and Wildlife Act, linakhwimitsidwa mu 2017 ndipo milandu ya minyanga chilango chake chikhoza kufika zaka 30 m'ndende, anthu akumangidwa ndithu. Mukayamba kuchitsatsa wapolisi sadzaona cha agogo, adzaona munthu akugulitsa mnyanga. Zibangili zambiri zoyera ndi za fupa kapena pulasitiki, koma musayese kufufuza zimenezo kwa ogula a mumsewu. Kambiranani pabanja kenako mukafunse ku ofesi ya zinyama zakutchire kuti malamulo akuti chiyani pa chinthu chosiyiridwa ngati chimenechi.

Anti, ndimagulitsa kaunjika, belo yapitayi inandigwetsa ndiye mpamba watha. Pali bambo wina wa katapila kwathu kuno akuti andipatse K100,000 ndibweze K150,000 pakutha pa mwezi koma ndisiye mphete yanga ya ukwati pinyolo. Amuna anga sakudziwa, ndikufuna ndikaombole asanazindikire. Si bwino kusiyana ndi kugulitsiratu? Mayi wa geni, Mchengautuwa

Achemwali, ayi, ine sindikuvomerezani. Werengani bwinobwino, K50,000 ya pamwambayo ikuyenera kutuluka mu geni imene yangokugwetsani kumene, mkati mwa mwezi umodzi, kwinaku mukudya, kulipira tikiti ya kumsika ndi thiransipoti. Belo ikatulukanso yoipa mutani? Mwezi ukatha mudzapempha kuti mupereke kaye chiwongoladzanja chokha, mwezi wina chimodzimodzi, mapeto ake mudzakhala mutapereka yoposa imene munatenga mphete ili kwa iye. Ndipo wakatapila savomera pinyolo ya chinthu chofanana mtengo ndi ngongole, akavomera mphete pa K100,000 ndiye kuti waona kuti ikuposa patali, mukalephera kubweza iye ndi amene wapindula. Wogulitsiratu amalandirako mtengo wa chinthu chake, koma wa pinyolo akalephera amataya chinthu ndi ndalama zomwe.

Chinanso, mphete ya ukwati si ya inu nokha. Chala chopanda mphete mwamuna amachiona, mudzayamba kunama kuti ili kwa okonza kapena yatayika pochapa, ndipo tsiku limene adzadziwe nkhani siidzakhalanso ya belo, idzakhala yoti mumabisa zinthu, mpaka ankhoswe kulowererapo pa K100,000. Geni kugwa si tchimo, aliyense wa kaunjika anagwapo ndi belo. Auzeni bambo usiku ana atagona, mwina akalipa tsiku limenelo koma mudzaganiza awiri.

Ngati muli mu banki m'khonde kongolani kumeneko, chiwongoladzanja chiliponso koma pogawana chimabwerera kwa inu nomwe ndipo anzanu amadziwa mavuto anu. Mukhozanso kuphatikiza ndi mnzanu kugula belo imodzi nkugawana, kapena kuyamba kaye kusankha zovala zochepa kwa amene atsegula belo nkumakagulitsa m'maofesi mpaka mpamba utadzuka. Ngati muli ndi ndolo kapena tcheni china chimene si cha ukwati, gulitsani chimenecho.

Kwa ena owerenga amene mwasankha kale za pinyolo ndipo simubwerera, musasiye chinthu popanda pepala. Mulembe kuti ndi chiyani, nambala yodindidwa, kulemera kwake, ndalama mwatenga, yobweza, tsiku lobweza, ndi chimene chidzachitike mukachedwa, musayine nonse pamaso pa mboni, chinthucho muchijambule mbali zonse. Zimachitika munthu kukaombola nkupatsidwa mphete yofanana koma yopaka, popanda kulemera kolembedwa palibe chimene anganene.

Anti, ndimayendetsa kabaza. Mnyamata wina pa depoti anandikokera pambali nkundionetsa tcheni chachikasu cholemera ndithu, akuti ndi golide wa ku Joni akufuna thiransipoti yopitira kumaliro ndiye ndingomupatsa K25,000. Ndikuganiza zogula ndikagulitse. Pali phindu? Wakabaza, Chiputula

Achimwene musagule. Munthu wokhala ndi tcheni cha golide cholemera sangachitaye pa K25,000 kwa munthu wosamudziwa, ndiye pali ziwiri, kapena nchafeki kapena nchobedwa. Chikakhala chafeki mwataya ndalama imene mwaipalasira masiku ambiri m'zitunda za Mzuzu zino, ndipo ena amakuonetsani chenicheni kenako pokulunga papepala nkusintha, mumakazindikira mutafika kunyumba. Chikakhala chobedwa ndiye zaipiratu, kulandira katundu wobedwa ndi mlandu pawokha, wakubayo akagwidwa amatchula amene anagula ndipo inu mumadziwika pa siteji panu, iye mawa ali ku Jenda kapena ku Karonga. Mwini wake mwina ndi mayi amene anatsomphoredwa tchenicho pakhosi dzulo lomweli.

Ngati mtima uli pa geni ya zinthu zimenezi, K25,000 yomweyo ikhoza kukuoderani timatcheni ndi ndolo zopaka zingapo ku Taifa kwa wogulitsa wokhala ndi benchi yake yodziwika, mayi akunyumba nkumagulitsa pakhomo kapena m'masaluni a ku Chiputula konko akunena poyera kuti ndi zopaka. Mnyamata wa pa depotiyo akakupezaninso mungomuuza kuti mulibe ndalama, osachigwira nkomwe tchenicho, ndipo anzanu a pa siteji muwachenjeze.